Kalata imene sindinaiwerenge

Zaka zimenezo ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Zalewa, moyang'anana ndi pamene mabasi ankaima. Makina anga anali opalasa ndi phazi, ndipo mutu wake unkagona m'sitolo, pansi pa kauntala, m'mawa n'kuutulutsa. Mwini sitoloyo anali Msilamu, munthu wamfupi wa mawu ochepa. Iye ankanditcha atelala, ine n'kumamutcha achimwene, ngakhale kuti pa msinkhu wamkulu ndinali ine.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Zotsalazo ndinatolatola ndekha: pa matumba a feteleza, m'buku la nyimbo, pa timapepala ta m'mabokosi a mankhwala. Chingerezi changa ndi cha m'njira momwemo, ndipo mpaka lero pali mawu ambiri amene ndimawadziwa ndi maso okha, oti nditawatchula pagulu ana asukulu angagwe ndi kuseka. Ndine munthu woti ndikaona pepala pansi ndimawerama, ngakhale litapondedwa ndi mbuzi.

Kale matenda angawa sankavuta, chifukwa chowerenga chinali chochepa. Nyuzipepala zinali zowerengeka, zonse zonena zofanana, ndipo ukawerenga unkangotseka pakamwa. Koma zipani zitaloledwa, nyuzipepala zinatuluka ngati ngumbi mvula itagwa. Zina zinkaoneka milungu itatu n'kuzimiririka, zina zinali za masamba anayi okha, koma zonse zinali ndi pakamwa. Okwera mabasi ankaziponya pawindo akamaliza, makondakitala ena ankandisungira, ndiye achimwene nawo akapita ku Limbe kukaoda katundu ankabwera ndi mtolo wa zakale zoti azikulungira mchere, shuga ndi soda. Tsamba lililonse ankalidula panayi. Ntchito yanga inali kuthamanga patsogolo pa mpeni.

Nthawi zambiri mpeni unkandipitirira. Ndinkadziwa kuti nduna ina yakwiya kwambiri ndipo yanena kuti..., koma chimene yanenacho chinali chitapita kale ku Midzemba ndi mchere. Tsiku lina ndinatsatira mayi wina mpaka pamsewu kumupempha kuti ndione nawo pepala limene anamukulungira soda. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumangirira bwino soda wake kunsonga ya chitenje.

Pamwamba pa nyuzipepala panali wailesi, pamwamba pa wailesi panali za pakhonde. Aliyense wodikira basi ankafika pamakina anga n'kufunsa kuti atelala, zatuluka zotani lero, ine phazi n'kulichotsa pa chopalasira. Mutu wanga unali ngati thumba la zigamba: chilichonse chinalimo, koma choti n'kusokera malaya athunthu munalibe. Nkhani imodzi ndinkaidziwa m'njira zinayi zotsutsana, ndipo zonse zinayi ndinkazikhulupirira mosinthanasinthana. Ntchito inayamba kuonetsa. Mphunzitsi wina ndinamusokera buluku lokongola kwambiri, kungoti matumba onse awiri ndinawatseka.

Mayi a kunyumba sankawerenga. Anangolawako sukulu miyezi yochepa ali mwana, n'kutsala ndi kanyimbo ka a, e, i, o, u. Nyengo ya manachesi ankagulitsa pamawindo a mabasi, ndipo basi iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake isanatulukire. Za nyuzipepala zanga analibe nazo mawu, kupatula kudandaula kuti zikuweta mphemvu.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali atakwatiwa n'kupita ku Dwangwa, kumene mwamuna wake ankagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Iyeyu anafika Sitandade 8 ndipo ankatilembera kalata pafupifupi mwezi uliwonse. Makalatawo ankadzera ku bokosi la sukulu, mphunzitsi wa matumba otseka uja n'kudzandisiyira pamakina. Madzulo ndikaweruka ndinkakhala pampando, mayi ake pamphasa, n'kuwerenga mokweza ndi mawu a wowulutsa nkhani pa wailesi.

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, anthu akukolola, kunabwera kalata yaifupi. Atapereka moni, mwanayo analemba kuti masiku ano nsomba sakudya, fungo lake lokha likumubweza, koma tisadandaule, zina adzanena tikadzaonana. Ine ndinatsitsa pepala n'kufotokoza kuti nkhani imeneyi ndikuidziwa, ndinawerenga penapake kuti asodzi ena ayamba kuthira mankhwala m'madzi. Ndinafotokoza kwa nthawi ndithu, mpaka ndinafika pa za boma. Mayi a kunyumba anangondiyang'ana mmene umayang'anira mwana wovala malaya chambuyo.

Anadikira mpaka m'mawa mwake. Ndikumanga zovala zoti ndipite nazo kusitolo, anaima pakhomo.

"Abambo, ndikufuna mundiphunzitse kuwerenga."

Ndinasangalala, n'kunena kuti zoona, dziko lasintha, munthu aliyense ayenera kudziwa zimene zikuchitika.

"Za dziko zikhale zanu. Mwanayu ali ndi zoti andiuze, koma pakati pa iye ndi ine pali maso anu."

Pamenepo m'pamene nsomba zija zinandilowa m'mutu. Kwathu kuno nkhani ya pakati si ya bambo. Bambo amaona ndi maso nthawi ikakwana, n'kukhala chete. Mwana wamkazi sangalembe za m'thupi mwake podziwa kuti amene atchule mawuwo mokweza ndi bambo ake. Chaka cham'mbuyo mwake mwanayu anali atapita padera, ali yekha kutali, ndipo mayi ake anamva patapita miyezi, kuchokera kwa munthu wodutsa. Ine ndinamva mochedwa kuposa pamenepo. Amayi ena odziwa kuwerenga analipo pa Zalewa, koma zinthu zikadali zanthete chonchi suzipereka m'manja mwa anthu akunja. Mayi a kunyumba anawerengera pa zala n'kunena kuti ngati akuganiza bwino, tili ndi nthawi mpaka mvula yoyamba. Ankafuna kuti nthawiyo isanafike, mwanayo athe kuwalembera zonse, iwo n'kuwerenga okha.

Ndinalonjeza ndi mtima wonse, ndipo ndinayamba mwaukulu monga mwa chikhalidwe changa. Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinayala nyuzipepala pamphasa, n'kuwaphunzitsa zilembo zonse tsiku limodzi, zazikulu ndi zazing'ono. Pofuna chitsanzo ndinkaloza mutu wa nkhani, ndiye poti mutuwo unali wa nkhani yofunika ndinkayamba ndaifotokoza kaye. Dzuwa likupendeka tinali pa malamulo oyendetsera dziko, iwo atamanga mpango pachipumi chifukwa cha mutu. Lamulungu lotsatira kunali msonkhano wa chipani pabwalo la mpira, ndipo munthu wofunsidwa nkhani ngati ine sakanaphonya. Linalo kunali maliro. Linalo ndinali nditapeza mtolo watsopano. Mkati mwa sabata ndinkabwera kunyumba mutu uli wodzaza, n'kunena kuti mawa.

Mwezi unatha. Kunabweranso kalata ina, yaifupi kuposa yoyamba ija, yonena za nyengo ndi za mbuzi ya oyandikana nawo. Ndinaiwerenga mofulumira, popanda mawu a wailesi. Mayi a kunyumba anaitenga, kuipinda, n'kukaiika m'sutikesi momwe ankasunga enawo. Za maphunziro sanatchulenso.

Masana ena ndinali ndi nyuzipepala zitatu pamiyendo, zonse zofotokoza msonkhano umodzi. Ina inati kunali anthu osawerengeka, ina inati kunali ana okhaokha, yachitatu inati msonkhanowo sunachitike n'komwe. Ndinadandaula kwa achimwene kuti mutu ukundiwawa. Iye anali akukhoma chitseko kuti apite kukaswali, kasitomala ali chiimire ndi botolo la parafini. Akazi ake ndi anga ankagwirizana, ndiye za lonjezo langa anali atazimva. Anandifunsa mwaulemu kuti kodi mwana ku Dwangwa walemba zotani ulendo uno. Ndinatsekula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi mbuzi yokha. Komatu akanandifunsa magalimoto a nduna ndikanamuwerengera ndi mitundu yake yomwe.

Atabwera kumzikiti anakhala pa thumba la mchere pafupi ndi makina, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anandiuza kuti ali mwana ku madarasa ankawalembera mzere umodzi wokha pa kathabwa, ndipo wina sankaupatsidwa mpaka woyambawo utakhazikika. Anati iye sadzuka n'kuyamba kuganiza ngati lero aswali kapena ayi, nthawi ikakwana miyendo imanyamuka yokha, kasitomala adikire.

"Inu atelala mukudikira tsiku lopanda zochita. Limenelo kulibe. Pezani chinthu chimene mumachita kale tsiku lililonse, chosaphonya, maphunzirowo muwamangirire pamenepo ngati mbuzi pachikhomo."

Ndinaganiza za chimene sindiphonya, kupatula kudya ndi kutola mapepala. Chinali kusita. Achimwene sankalola moto pakhonde chifukwa cha parafini, choncho zovala zimene ndamaliza ndinkapita nazo kunyumba n'kuzisita m'mawa. Mayi a kunyumba ankaika makala m'simbi, ine n'kumakupiza, ndipo kuti simbiyo itenthe pankapita nthawi yokwanira kuphika phala. Nthawi imeneyo ndinkaithera khutu lili pa wailesi.

M'mawa mwake wailesi sindinaitsekule. Ndinatenga chigamba cha nsalu yakuda ndi choko changa chodulira, n'kulemba ma, me, mi, mo, mu. Basi. Mayi a kunyumba anayang'ana chigambacho, kuyang'ana ine, n'kukhala pansi. Nsalu yakudayo anaikonda chifukwa mnansi akatulukira kudzapala moto ankangoikutumula, sukulu n'kuzimiririka. Tinagwirizana kuti simbi ikatentha tizileka, ngakhale tili pakati pa liwu. Lamulo limeneli linkandipweteka ine kuposa iwo. Ndikangoyamba kukoma pakamwa, iwo ankanyowetsa chala, kukhudza pansi pa simbi, n'kunena kuti yatentha. Ndinkatsala ndi mawu m'kamwa ngati mlaliki amene amuimbira nyimbo asanamalize.

Inali nyengo yozizira, ndipo kukhala awiri pafupi ndi makala m'mawa kunali kokoma pakokha. Tinali titakwatirana zaka zoposa makumi awiri, koma sindikukumbuka kuti tinakhalapo moyandikana chonchi tsiku ndi tsiku, mitu pafupi kugundana. Ndinaona kuti akamaganiza kwambiri amaluma mlomo wam'munsi kumanzere, monga momwe mwana wathu ankachitira pa masamu.

Ndinaona kuti nanenso ndikufunika chikhomo changa. Ndinapangana ndi achimwene kuti azindipatsa nyuzipepala imodzi yokha patsiku, yathunthu, akabwera kumzikiti masana, ndipo zina zonse zizipita kumchere ine osaziona. Makondakitala ndinawauza kuti azisiya m'sitolo. Masiku oyamba ndinkamva mpeni ukudutsa m'mapepala ngati ukudutsa pa ine. Munthu wa mawu ochepa uja anapezerapo nthabwala. Akamakulunga ankakweza kapepalako n'kunena kuti atelala, iyi ikupita ku Magaleta, muitsanzike. Anthu apakhonde anayamba kunena kuti wailesi ya pa Zalewa yatha mabatire. Chodabwitsa n'chakuti nkhani zikuluzikulu zinkandipezabe. Zimene sizinandipeze, patapita sabata palibe ankazikumbuka.

Sindinganame kuti sindinagwepo. M'mawa wina kunamveka kuti ku nyumba ya malamulo kwavuta, ndipo ndinanyamula wailesi mobisa kupita nayo kubafa, ngati ndikukasamba. Nditatuluka, wouma ngati mmene ndinalowera, ndinapeza mayi a kunyumba atakhala okha ndi chigamba chopanda kanthu pamiyendo. Anangoti, "Yatentha," n'kulowa m'khitchini. Kuyambira tsiku limenelo mabatire ankadzuka ali padenga. Nditafunsa anandiyankha ndi nkhope yoongoka kuti akuwotha dzuwa kuti abwerere mphamvu, ndipo amatsika sukulu ikaweruka. Dzuwa nthawi imeneyo linali lisanatuluke n'komwe, koma sindinatsutse.

Tinayenda choncho, mzere umodzi patsiku. Ba, be, bi. Kenako nda, mba, nkha. Pa ng'a ndi nga tinakhalapo masiku anayi, mpaka anati amene anayambitsa kakadontho kapamwambako analibe ntchito. Itakwana miyezi iwiri ndi theka anayamba kuwerenga zimene akumana nazo: thumba la feteleza, chitini cha mafuta, chikwangwani cha pachigayo. Tsiku lina anabwera kumakina ndi dengu la manachesi pamutu, n'kundinong'oneza kuti basi imene yangodutsayo yalembedwa Mwanza. Ndinati nanga si mumaidziwa kale ndi kulira kwake. Anati inde, koma lero yawauza yokha. Ndinayenda modzitukumula sabata yonse, ngati amene wawerenga ndine.

Ndiye kunabwera kalata. Ndinaibweretsa osatsekula, n'kuipereka ndi manja awiri ngati mphatso. Anang'amba envulopu mosamala, kutambasula pepala, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Milomo sinkayenda. Analitembenuza, kulibwezanso, kenako anandipatsa.

"Izi si zilembo zimene mwandiphunzitsa."

Ndinayang'ana pepalalo ngati ndikuliona koyamba. Mwana wathu ankalemba molumikiza, monga ankawaphunzitsira kusukulu, chilembo chikugwira chinzake dzanja, mzere wonse ngati ulusi wosololoka pa bobini. Ine miyezi yonseyi ndinkalemba pa chigamba zilembo zoimirira pazokha, za m'nyuzipepala, chifukwa ndi zimene zinandilera. Sindinaganizepo n'kamodzi komwe kuti mwana wathu si makina osindikizira. Mayi a kunyumba sanandikalipire. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kundiuza kuti ndiwerenge, amve. M'kalatamo munalibe kanthu, moni ndi za kutentha kwa kunyanja. Mphepo yozizira inali itatha, mitengo itayamba kuphukira.

M'mawa mwake ndinadzuka ndi manyazi, osadziwa kuti ndilembe chiyani pa chigamba. Ndinapeza simbi ili kale ndi makala, ndipo pamphasa pali makalata onse a m'sutikesi, omangidwa ndi kachingwe ka nsalu. Anati buku lathu ndi limeneli tsopano.

Tinayambira pa moni, poti mwanayo ankayamba kalata iliyonse mofanana ndipo mayi ake ankaudziwa pamtima. Zimenezi zinathandiza, komanso zinkabera. Ankathamanga mzere wonse bwinobwino chala chili pamzere wina. Ndinayamba kumaphimba ndi tepi yanga yoyezera, kusiya liwu limodzi pakati pa tsamba. Pang'onopang'ono tinaphunzira dzanja la mwana wathu: g wake wa mchira wautali ngati mbedza, r wofanana ndi kampando, a ndi o amene ankasiyana pokhapokha ngati sanali pa changu. Ine ndinkakopera pa chigamba motsanzira, mpaka dzanja langa lenileni linasokonekera.

Kuwerenga mzere umodzi patsiku kunandionetsa zimene ndinkadumpha. Makalata amenewa ndinali nditawawerenga onse mokweza, koma ndinkangowathamangitsa kuti ndibwerere ku nduna zanga. Tsopano, podikira kuti mayi ake alumikize mawu, ndinkakhala ndi chiganizo chimodzi nthawi yaitali. M'kalata ina mwanayo analemba kuti kumeneko anthu amalankhula mwachangu ndipo iye amangoseka nawo. Mu ina anafunsa kawiri ngati mtengo wa masau kuseri kwa nyumba ukubalabe. Mu ina, ya nthawi yovuta ija, analemba kuti wakhala akugona masana masiku ambiri koma tsopano wayamba kutunga madzi. Ndikukumbuka kuti tsiku limene ndinaiwerenga koyamba ndinanena kuti asazolowere ulesi. Titafika pa mzere umenewo mayi ake anauwerenga okha mpaka kumapeto, osaphonya, kenako fungo la simbi linatikumbutsa kuti yatentha.

Patatha mwezi ndi masiku angapo anati akufuna kulemba. Ine ndinalemba kalata yanga monga mwa nthawi zonse, n'kusiya malo pansi. Zinawatengera m'mawa unayi, kuyeserera pa chigamba kenako ndi pensulo, atagwira ngati akugwira singano. Analemba mizere itatu yokhotakhota: Ndine mayi ako. Lemba zonse. Ndiwerenga ndekha. Ndinafuna kukonza chilembo chimodzi chimene chinayang'ana kumbuyo, koma anandiletsa, kuti mwanayo adziwe kuti si ine.

Tinadikira milungu itatu. Kunja kunatentha mmene pa Zalewa pamatenthera, mpaka lamba wa makina ankafewa. Madzulo ena kumapiri a ku Neno kunkaoneka mitambo, ndipo ndinkaona mayi a kunyumba akuyang'ana kumeneko. Sukulu sitinaleke. Tinkabwereza makalata akale omwewo, kuyambira kumapeto kubwerera kumayambiriro kuti asabere.

Kalata inafika Lachitatu m'mawa. Mphunzitsi anaiika pamakina n'kupitirira. Envulopu inali ndi dzina langa, ndiye ndinaitsekula. Munali mapepala awiri. Loyamba linali langa, mizere isanu ya moni. Lachiwiri linali lopindidwa kanayi, pamwamba palembedwa kuti Amayi, ndipo m'mphepete monse linali losokedwa ndi ulusi wakuda. Mwana wa telala.

Ndinaliika m'thumba la malaya, ndipo tsiku limenelo thumbalo linkalemera. Ndiulule pano, poti papita zaka: ndinalitulutsa katatu. Ndinayang'ana msoko wake n'kuona kuti ndi ulusi wofanana ndi umene unali pa makina anga, kuti mabowo a singano ndi oonekera bwino, kuti munthu wa ntchito yanga atha kumasula n'kubwezeretsa momwemo popanda wodziwa. Ndinadziuza kuti mwina muli nkhani yofunika changu. Ndinadziuza kuti mwina mayi ake alephera, ndiye ndi bwino ndidziwiretu. Ine amene ndinatsatirapo soda wa munthu mpaka pamsewu, ndinali ndi nkhani yathunthu pachifuwa, yosadulidwa, yokhudza magazi anga. Achimwene atabwera kumzikiti anandipatsa nyuzipepala yanga ya tsikulo, ndipo ndinaiyang'ana osaona kanthu. Dzuwa lisanapendeke ndinalowetsa mutu wa makina n'kunyamuka, pepala lili chisokedwere.

Mayi a kunyumba ndinawapeza akupeta. Nditawapatsa anayang'ana msokowo, kundiyang'ana ine, kuyang'ananso msoko. Anasamba m'manja, kudula ulusi ndi mano, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ine ndinatsala kutsogolo. Ndinakonza mwendo wa mpando umene sunali wothyoka. Ndinasesa pakhonde posesa kale. Nthawi zina mphepo inkabweretsa kung'ung'udza kwawo, akutchula pang'onopang'ono, ndipo ndinkayamba kuimba mluzu kuti ndisamve. Pepalalo linali lolembedwa mbali zonse ziwiri. Dzuwa linatsika, nkhuku zinayamba kuzungulira pakhola, iwo osatulukira.

Atabwera, pepalalo anali atalipindapinda mpaka kutsala kampata kakang'ono, zala zazikulu ziwiri zitatsekereza uku ndi uku. Pakati pa zalazo panali liwu limodzi lokha. Mwanayo analilemba mwachangu kumapeto kwa mzere, zilembo zitapanikizana.

"Ili lokha. Musasunthe chala changa."

Ndinawerama n'kuwerenga. "Kuchidikiro."

"Ndimaganiza choncho," anatero, n'kulowetsa pepalalo pachifuwa.

Chidikiro ndi malo a pachipatala amene amayi amakakhala masiku awo akayandikira. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo iwo ankadziwa kuti ndikuzidziwa. Ndinayang'ana nkhuku. Nkhope yawo ndinaiba ndi ngodya ya diso, ndipo ndinaona kuti m'maso munali monyowa koma mapewa anali atatsika, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

Anandiuza kuti Loweruka anyamuka ndi basi ya m'mawa, ndipo sakudziwa tsiku lobwerera. Anati ufa ulipo, ndiwo ndiziona ndekha, ndisamadye zitumbuwa zokhazokha. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti nsalu yoyera ija inatsala pa zovala za kwaya ndiidule makonakona, ndipinde m'mphepete, ndichite zimenezi m'mawa anthu asanachuluke pakhonde, ndipo wofunsa ndimuuze kuti ndi mipango, osati matewera.

Ndinafunsa kuti ingati.

Anatulutsanso pepala lija, kutembenukira kumbali kuti ndisaone, n'kutsata ndi chala mpaka pamzere wina. Milomo inayenda kawiri, kutsimikiza.

"Imene mukuganizayo, muchulukitse kawiri."

Ndinafuna kufunsa ngati ndi mapasa. Funso linafika mpaka pamano. Ndinalimeza, n'kulowa m'nyumba kukayeza ngati nsaluyo ikwane.